Matimu 21 m'mayiko 9: kodi Ailton anali katswiri kapena wamwayi chabe?

Funso lachokera kwa owerenga wina wa ku Zomba: "Tinatsutsana ndi anzanga pa za Ailton, m'Brazil uja ankasewera ku Werder Bremen. Ine ndimamukumbukira ngati katswiri, koma iwo anandionetsa mndandanda wa matimu ake, oposa 20, n'kunena kuti wosewera wabwino sasamukasamuka chonchi, ameneyu anangochita mwayi chaka chimodzi basi. Kodi akunena zoona? Nanga chimachititsa n'chiyani kuti osewera a ku Brazil azingoyendayenda?"

Achimwene, pa mndandandawo anzanu sananame. Aílton Gonçalves da Silva anavala malaya a matimu 21 m'mayiko 9: Brazil, Mexico, Germany, Turkey, Serbia, Switzerland, Ukraine, Austria ndi China. Pomwe aphonya ndi pa chigamulo chawo. Mndandanda umapatsa timu iliyonse mzere umodzi, choncho zaka pafupifupi 6 zomwe anakhala ku Bremen zimaoneka zolingana ndi miyezi ingapo yomwe anakhala ku Donetsk. Wongowerenga mizereyo amaganiza kuti Ailton moyo wake wonse chikwama chinali paphewa, chonsecho zaka zake zamphamvu, kuyambira ali ndi 25 mpaka 30, anazithera pakhomo limodzi. Kusamuka kwake kuli koyambirira ndi kothera, ndipo zomwe zinamusamutsa ali mnyamata n'zosiyana kotheratu ndi zomwe zinamusamutsa atakula.

Anabadwa pa 19 Julayi 1973 ku Mogeiro, katauni kakang'ono m'chigawo cha Paraíba, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Dera limeneli ndi louma komanso losauka mukaliyerekeza ndi São Paulo kapena Rio de Janeiro, komwe kuli matimu amaina ndi ndalama. Mnyamata wa ku Paraíba akafuna kudyera mpira, kunyamuka n'kosapeweka. Asanatuluke m'dzikolo, Ailton anali atasewerera kale Ypiranga, Internacional ya ku Porto Alegre, Mogi Mirim, Santa Cruz ya ku Recife ndi Guarani ya ku Campinas. Matimu asanu m'zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ku Brazil palibe angadabwe nazo.

Chifukwa chake chili m'mene mpira wa kumeneko umayendera. Miyezi yoyambirira ya chaka, chigawo chilichonse chimaseweretsa ligi yakeyake: ya ku São Paulo, ya ku Pernambuco, ya ku Rio Grande do Sul, ndi zina zotero. Nthawi ya Ailton, ikatha imeneyo m'pamene ligi ya dziko lonse inkayamba. Matimu ang'onoang'ono ambirimbiri alibe malo mu ligi ya dziko, ndiye ya chigawo ikangotha, ntchito yathanso. Amalemba osewera kwa miyezi itatu kapena inayi, ngati aganyu a nthawi yokolola. Wochita bwino amatengedwa ndi timu yokulirapo kuti amalize nayo chaka, wosachita bwino amabwerera kwawo kukadikira Januwale. Komanso nthawi ya Ailton kunali dongosolo lomwe ankalitcha passe, lomwe linkapangitsa timu kukhalabe mwini wa wosewera ngakhale kontirakiti yake itatha. Timu inkatha kumugulitsa, kumubwereketsa kapena kumusunga osamuseweretsa, iye alibe chonena chenicheni. Lamulo lomwe linathetsa zimenezi, lodziwika ndi dzina la Pelé yemwe anali nduna ya zamasewero, linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo gawo lake lokhudza passe linayamba kugwira ntchito mu 2001. Apa n'kuti Ailton atachoka kale. Ndiye pa matimu asanu oyambawo musamuwerengere mlandu. Ambiri mwa maulendo amenewo anamukonzera ndi ena.

Apa payankhidwanso theka la funso lanu lachiwiri. Brazil imabala osewera ambiri kuposa ntchito zolipira bwino zomwe ili nazo, ndipo chaka chilichonse osewera ake oposa 1,000 amakhala akusewera kunja. Ife timangoona a ku Real Madrid ndi ku England, koma ochuluka ali ku Portugal m'maligi apansi, ku Japan, ku Thailand, ku mayiko a Aluya ndi kum'mawa kwa Ulaya. Munthu yemwe anazolowera kusintha timu miyezi inayi iliyonse kwawo konko, ndege yopita ku Ukraine siimuopsa.

Mu 1997 anapita ku Tigres, timu ya mumzinda wa Monterrey ku Mexico, ndipo kumeneko n'komwe Werder Bremen inamuona. Anafika ku Germany mu Okutobala 1998, nyengo yozizira ikuyamba, Chijeremani osachidziwa. Mphunzitsi yemwe anamulandira, Wolfgang Sidka, anachotsedwa ntchito pasanapite nthawi, ndipo m'malo mwake munalowa Felix Magath, munthu wodziwika ndi kuthamangitsa osewera mpaka malilime panja. Magath sanaone chomwe angachite ndi m'Brazil wojintcha, wosakonda kubwerera kumbuyo kukathandiza anzake. Anamukhazika pabenchi, nthawi zina osamutenga n'komwe. Sizoni yoyambayo Ailton anamwetsa zigoli 2 zokha mu ligi. Zikanapitirira choncho, Bremen ikanakhala mzere wina chabe pa mndandanda wa anzanu uja.

Zinthu zinasintha mu Meyi 1999, Magath atachoka timu ili pafupi kutuluka mu ligi. Atsogoleri anakweza Thomas Schaaf, mwana wa pakhomo, yemwe anasewerera Bremen moyo wake wonse ndipo panthawiyo ankaphunzitsa timu yachiwiri. Schaaf anapulumutsa timuyo, n'kutenganso DFB-Pokal, chikho chachikulu cha matimu a ku Germany, pogonjetsa Bayern Munich pa mapenate mwezi wotsatira. Kuyambira sizoni yotsatirayo anayamba kumuseweretsa Ailton, ndipo ziwerengero zake mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, zinayenda motere: zigoli 12, kenako 14, kenako 16, 16 kachiwiri, n'kumaliza ndi 28. Zonse pamodzi ndi ziwiri zija, zigoli 88 pa masewero 169. Mukawaonetse anzanuwo masitepe amenewa. Wamwayi wa chaka chimodzi amatulukira mwadzidzidzi n'kuzimirira. Uyu anakwera pang'onopang'ono kwa zaka zisanu osatsikapo ngakhale kamodzi.

Kuti mumvetse zonse zotsatira, muyenera kudziwa kuti Ailton anali wosewera wamtundu wanji, chifukwa mfundo yanga yonse yagona pamenepa. Kumuona atangoima simukanati ndi wothamanga. Anali wachifupi, wachifuwa chotakata, khosi ngati palibe, kamimba kakuonekera ndithu. Ajeremani anamupatsa dzina loti Kugelblitz, kutanthauza mphezi yobulungira, ndipo dzinalo linamukhala. Pa mamita 10 kapena 20 oyamba otchinga kumbuyo ochepa okha ndiwo ankakhala naye. Ntchito yake inali imodzi: kuima pambali pa wotchinga womaliza, pamalire enieni a ofusayidi, kudikira mnzake wapakati adzutse mutu, n'kuphulika. Akatsala awiri ndi goloboyi, mwendo wamanzere unkamaliza nkhani mosachedwa, nthawi zambiri osayang'ananso kawiri. Mitu sinali mbali yake. Kulanda mpira kwa adani, ayi. Kusunga mpira atafulatira golo kuti anzake afike, ayi. Woyimbira ankamugwira ofusayidi kangapo pa masewero amodzi, ndipo masiku ena ankatha mphindi 80 osaoneka, masapota n'kumang'ung'udza, kenako n'kumwetsa ziwiri.

Wosewera wotere ali ngati khasu lakuthwa kwambiri koma lolima mtundu umodzi wa dothi. Amafunika zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, wapakati woona patali, woponya mpira kumbuyo kwa otchinga mphindi yomweyo, osati atauponda katatu. Chachiwiri, mnzake wakutsogolo wogwira ntchito zomwe iye sagwira. Chachitatu, mphunzitsi wovomereza kuti munthu mmodzi pa 11 sadzabwerera kukatchinga, n'kukonza ena 10 kuti akwirire dzenjelo. Matimu ambiri amakhala ndi chimodzi kapena ziwiri mwa zimenezi. Bremen ya Schaaf inali nazo zonse. Poyamba mnzake wakutsogolo anali Claudio Pizarro wa ku Peru, yemwe anafika mu 1999 n'kupita ku Bayern mu 2001. Pambuyo pake Ivan Klasnić. Mu 2002 Klaus Allofs, yemwe ankayang'anira zogula osewera, anatenga Mfalansa Johan Micoud kuchokera ku Parma, ndipo ine ndimaona kuti tsiku limenelo ndi lomwe zigoli 28 zija zinabadwa. Micoud ankasewera pansonga ya osewera anayi apakati oimikidwa ngati dayamondi, kumbuyo kwake kuli Frank Baumann, m'mbali Fabian Ernst ndi Krisztián Lisztes kapena Tim Borowski. Atatu ankathamanga ndi kulanda, Micoud ankaganiza, Ailton ankamaliza.

Schaaf ankamudziwanso munthu wake kunja kwa bwalo. Ailton ankachedwa kubwerera kuchokera ku tchuthi ku Brazil, nthawi zina atawonjezera thupi. Nkhani yomwe a ku Bremen amaikambabe ndi ya tsiku lomwe anasiyidwa ndi anzake popita ku kampu ya pachilumba cha Norderney, iye n'kuchita hayala takisi kuwalondola. Ankalipitsidwa chindapusa, ankakalipiridwa, koma Loweruka ankapezeka m'bwalo. Ena angati kumeneko n'kulekerera. Ine ndimati Schaaf anawerengera mtengo wa munthuyu n'kuona kuti phindu likuposa.

Sizoni ya 2003/04 ndi yomwe inu mukuikumbukira, ndipo simukulakwa kuikumbukira. Bremen sinali m'gulu la omwe ankayembekezeka kutenga ligi. Ndalama zinali ku Bayern ndi ku Dortmund. Koma inasewera masewero 23 otsatizana osagonja, ikumwetsa zigoli ngati mvula, ndipo pa 8 Meyi 2004 inapita ku Munich kutatsala masewero atatu, ikudziwa kuti ikapambana ligi yatha. Akuluakulu a Bayern anali atalankhula zambiri sabata imeneyo. Chigawo choyamba chisanathe zinali kale 3 kwa 0. Klasnić anamwetsa choyamba goloboyi wa Bayern, Oliver Kahn, atataya mpira m'manja, Micoud anaukweza pamwamba pa Kahn kukhala chachiwiri, ndipo chachitatu chinali cha Ailton: anaupinda ndi mwendo wamanzere ali chapatali, mpira n'kukalowa pakona yakumwamba pomwe goloboyi aliyense padziko sakanafika. Roy Makaay anabweza chimodzi, masewero n'kutha 3 kwa 1. Bremen inatengera ligi pabwalo la Bayern lomwe, ndipo Ailton analira misozi pamaso pa makamera. Patapita milungu itatu anatenganso DFB-Pokal pogonjetsa Alemannia Aachen 3 kwa 2.

Zigoli 28 zinamupanga kukhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi, Makaay akumutsatira ndi 23. Zaka ziwiri zam'mbuyo ulemu umenewu unalinso m'manja mwa a ku Brazil, Márcio Amoroso mu 2002 ndi Giovane Élber mu 2003, koma awiriwo anaugawana ndi osewera ena, ndipo anafika pa 18 ndi 21 basi. Kenako atolankhani a zamasewero a ku Germany anamusankha kukhala wosewera wa chaka. Mphoto imeneyi inayamba mu 1960, ndipo kwa zaka 44 palibe mlendo yemwe anaitengapo. Kevin Keegan, katswiri wa ku England, anasewera ku Hamburg, osaitenga. Élber anamwetsa zigoli zoposa 130 mu Bundesliga, osaitenga. Woyamba anali mwana wa ku Mogeiro uja.

Timu ya dziko lake sinamuitane ngakhale kamodzi. Izi sizichepetsa luso lake mukaona omwe anali patsogolo pake pamzere nthawi ya mphunzitsi Carlos Alberto Parreira: Ronaldo, Ronaldinho, Adriano, Luís Fabiano. Koma iye zinamuwawa, ndipo kumayambiriro kwa 2004 anavomera kutenga unzika wa dziko la Qatar, pamodzi ndi Dedé ndi Leandro a ku Dortmund, kuti azisewerera dzikolo lomwe panthawiyo linkaphunzitsidwa ndi Philippe Troussier. Palibe mwa atatuwo anakhalako ku Qatar. FIFA inalowererapo mu Malichi 2004 ndi lamulo ladzidzidzi loti wosewera azisewerera dziko lomwe ali nalo ubale weniweni: anabadwirako, kholo kapena gogo wake anabadwirako, kapena wakhalako zaka ziwiri. Mu 2008 zakazo zinakwezedwa kufika pa zisanu. Lamulo lomwe mayiko onse amatsatira lero potenga osewera obadwira kwina, chiyambi chake ndi nkhani ya Ailton.

Tsopano tifike pomwe panakhota msewu, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Kontirakiti yake ku Bremen inkatha mu Juni 2004. Chigamulo cha khoti la ku Ulaya cha 1995, chodziwika ndi dzina la Bosman, chisanabwere, timu yomufuna ikanalipira Bremen. Koma tsopano wosewera yemwe kontirakiti yake yatha ankachoka ulere, ndipo ndalama zomwe zikanapita ku timu yakale zinkathera m'thumba mwake ndi mwa ejenti. Rudi Assauer, mkulu wa timu ya Schalke 04, anabwera ndi malipiro omwe Bremen sikanakwanitsa, ndipo mu Okutobala 2003, sizoni itangoyamba kumene, zinadziwika kuti Ailton wagwirizana nawo. Taonani nthawi yake: anasankha kuchoka asanadziwe kuti timu yomwe akuisiyayo itenga zikho ziwiri n'kukasewera Champions League. Zigoli zambiri za sizoni yake yopambana anazimwetsa ali kale munthu wotsanzika.

Sindingamuponye mwala pa ndalamazo. Munthu wa zaka 30, wochokera kosauka, wokhala ndi abale ambiri omuyang'anira m'manja, amadziwa kuti kontirakiti yaikulu yomwe ili patsogolo pake ndi yomaliza. Aliyense yemwe anatumizapo ndalama kumudzi akumvetsa. Koma pa za mpira, kunali kulakwitsa kwakukulu, ndipo iye mwini wavomereza zimenezi kangapo pocheza ndi atolankhani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anasiya Micoud, anasiya Schaaf, anasiya mzinda womwe unkamukhululukira chilichonse, n'kupita ku Gelsenkirchen, kwawo kwa Schalke, mzinda womwe anaunyoza m'nyuzipepala asanafikeko n'komwe.

Ku Schalke sanalephere monga anthu amanenera. Anamwetsa zigoli 14 pa masewero 29, timu inamaliza pa nambala 2 mu ligi n'kufikanso mu ndime yomaliza ya chikho, komwe inagonja kwa Bayern 2 kwa 1. Koma Jupp Heynckes, mphunzitsi yemwe anamupeza, anachotsedwa mu Sepitembala 2004, ndipo analowa Ralf Rangnick, yemwe mpira wake wonse umadalira kuti aliyense, kuyambira wakutsogolo, azithamangitsa mdani mpira ukangotayika. Chinthu chachitatu chija, mphunzitsi wovomereza kuti mmodzi sabwerera, chinasowa. Awiriwa sanamvane, ndipo chaka chitangotha Schalke inagula Kevin Kuranyi ku Stuttgart n'kumugulitsa Ailton ku Beşiktaş ya ku Istanbul.

Pali mfundo imodzi yomwe ndiyenera kuwapatsa anzanu. Bremen sinagwe iye atachoka. Inatenga Miroslav Klose ku Kaiserslautern, yemwe anamwetsa zigoli 25 mu 2005/06, ndipo kwa zaka zinayi zotsatizana timuyo inamaliza pa nambala 2 kapena 3. Makina a Schaaf anapitiriza kugaya ndi munthu wina kutsogolo. Ailton ankaifuna Bremen kuposa momwe Bremen inkamufunira iye. Zimenezi zikusonyeza malire a luso lake, ndipo n'chifukwa chake sindimamuika pamzere wa Ronaldo kapena Romário, omwe ankamwetsa zigoli kulikonse komwe mwawaika. Koma pakati pa Ronaldo ndi wosewera wamba pali mtunda wautali, ndipo Ailton ali chakumtunda kwake.

Ku Beşiktaş anakhala theka la chaka, mphunzitsi n'kusinthidwanso, ndipo mu Januwale 2006 anabwerekedwa ku Hamburger SV, adani enieni a Bremen kumpoto kwa Germany. Kumeneko kunachitika chinthu chomwe mpaka lero chimandimvetsa chisoni ndikachikumbuka. Tsiku lomaliza la ligi, mu Meyi 2006, Hamburg inalandira Bremen, ndipo matimu awiriwa ankalimbirana nambala 2, yomwe inkalowetsa timu mu Champions League popanda masewero achipulula. Ailton anapezeka ndi mpira golo ili pululu, mtundu wa mwayi womwe zaka ziwiri m'mbuyomo akanaumwetsa atatsinzina, ndipo anaphonya. Bremen inapambana 2 kwa 1 n'kutenga malowo. Masapota ena a Hamburg ananena kuti wachita dala pofuna kuthandiza timu yake yakale. Ine sindikhulupirira zimenezo ngakhale pang'ono. Munthuyu ankamenyera kontirakiti, ndipo chigoli chimenecho chikanamupatsa ntchito. Hamburg sinamugule. Anachoka ndi zigoli 3 pa masewero 13.

Kuyambira apa mndandanda umathamanga. Red Star ya ku Belgrade mu 2006, Grasshopper ya ku Zürich pangongole kumayambiriro kwa 2007, MSV Duisburg komwe anamwetsa chigoli chimodzi pa masewero 8 timu n'kutuluka mu ligi mu 2008, Metalurh Donetsk, Altach ya ku Austria, Campinense ya kwawo ku Paraíba mu 2009, Chongqing Lifan ya ku China chaka chomwecho. Paliponse miyezi yowerengeka.

Mungafunse kuti nanga matimuwo ankamutengeranji ngati sankakhalitsa. Yankho lake ndi loti ankagula zinthu ziwiri zosiyana ndi zomwe ankalandira. Mtsogoleri wa timu ya ku Serbia kapena ku Austria akamva kuti wosewera wa chaka wa ku Germany akupezeka motchipa, amaona dzina loti lidzaza bwalo ndi kukopa makampani othandiza, ndipo amaona zigoli 28 zija pa kanema yemwe ejenti wamutumizira. Chomwe kanemayo saonetsa ndi Micoud. Saonetsanso kuti munthuyo tsopano ali ndi zaka 33 kapena 35. Wosewera wodalira nzeru ndi kupatsira amatha kukalamba bwino, amangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kumasewerabe. Wodalira mamita 10 oyamba alibe kobwerera. Liwiro likatsika pang'ono chabe, mpira womwe ankaufikira yekha amaufikira limodzi ndi wotchinga, ndipo ntchito yake yonse yathera pomwepo, chifukwa zina zija sanazichitepo. Mphunzitsi wa timu yatsopanoyo, yemwe nthawi zambiri sanafunsidwe n'komwe pogula, amamuyesa masewero asanu n'kumukhazika pansi. Ailton pabenchi sankakhala chete. Pakatha miyezi inayi mbali zonse ziwiri zatopa, kontirakiti imathetsedwa, ndipo kwinakwake kuli kale mtsogoleri wina yemwe akuonera kanema yemwe uja. Ejenti naye amadya pa kusamuka kulikonse, osati pa kukhazikika, ndiye palibe womuuza wosewera kuti khala pansi.

Ndisamuyeretse mopitirira. Akanasamala thupi, akanalemekeza nthawi, akanaphunzira kuugwira mtima akakhala pabenchi, mwina akanapeza timu imodzi yapakatikati n'kukhalamo zaka zitatu zabwino. Chitsanzo chili pafupi. Grafite, m'Brazil mnzake, naye anayendayenda: Santa Cruz yomwe ija, Grêmio, timu ya ku South Korea, Goiás, São Paulo, Le Mans ya ku France. Mu 2009 anamwetsa zigoli 28 ku Wolfsburg, chiwerengero chenicheni cha Ailton, anatenga ligi, n'kusankhidwanso wosewera wa chaka. Mphunzitsi wake anali Felix Magath, yemwe uja anamukhazika Ailton pabenchi. Grafite anali wamtali, wamphamvu, wopirira ntchito yakalavulagaga, ndiye anakwanira m'manja mwa Magath monga Ailton anakwanira m'manja mwa Schaaf. Atachoka ku Germany mu 2011 anakakhala zaka zingapo pa timu imodzi, Al Ahli ya ku Dubai, akumwetsabe zigoli. Kusiyana kwa awiriwa pothera kunali khalidwe ndi mtundu wa kaseweredwe, osati kukula kwa luso.

Kumapeto kwa 2009 Ailton anasaina ku KFC Uerdingen, timu yomwe kale inali mu Bundesliga koma panthawiyo inali itatsika mpaka gawo lachisanu ndi chimodzi. Nyuzipepala za ku Germany zinalemba kangapo za mavuto ake a zachuma, ndipo anayamba kuonekera m'mapulogalamu a zisangalalo a pa TV. Anthu ena ankamuseka. Ine sindinaone choseketsa pa munthu wa zaka pafupifupi 40 yemwe akugwira ntchito yokhayo yomwe amaidziwa, pamabwalo a anthu mazana angapo, ana akumuthamangira kuti awasainire malaya. Anadutsanso ku Rio Branco ya m'chigawo cha São Paulo mu 2011, n'kumalizira ku Hassia Bingen, timu ina ya m'maligi apansi ku Germany, mu 2013. Kuchokera tsiku lomwe anatuluka ku Werder kufika pamenepo, matimu 14 m'zaka 9. Mu Bundesliga yokha anasiya zigoli 106 pa masewero 219, pafupifupi chigoli chimodzi pa masewero awiri aliwonse, ndipo 88 mwa zimenezo anazimwetsa atavala zobiriwira za Bremen.

Pa mndandanda womwe anzanu anakuonetsani pali dzina limodzi lomwe mwina munalidumpha: FC Oberneuland, 2010. Ndi katimu ka gawo lachinayi panthawiyo, ndipo Oberneuland ndi dera la mumzinda wa Bremen momwemo, makilomita ochepa kuchokera pa Weserstadion, bwalo la Werder. Atazungulira Istanbul, Belgrade, Donetsk ndi Chongqing, miyendo inamubweza komwe ankamutchula kuti Toni. Mu Sepitembala 2014, patatha zaka 10 chitengereni zikho ziwiri zija, anakonzeredwa masewero otsanzikana pa Weserstadion. Anzake a timu ya 2004 anabwera, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anagula matikiti kudzaonera munthu wa zaka 41 yemwe anawasiya n'kukasewerera Schalke ndi Hamburg.